Injini ya Samil yagona zaka 10 m'shedi: kodi ndiilize pansi ndisanaikweze?

Owerenga wina wa ku Ntcheu, amene akugwira ntchito pa famu ina ku Limpopo m'dziko la South Africa, watilembera motere:

"Bambo makaniko, pafamu pano tili ndi lole ya Samil 20 imene timatutira madzi ndi chakudya cha ng'ombe. Injini yake yanoka. Abwana agula ina ya mtundu womwewo, ADE 352, kwa munthu amene anaipeza pa okushoni ya katundu wa asilikali n'kungoisiya m'shedi. Iye akuti yatha zaka 9 kapena 10 osalira, koma inachotsedwa ili bwinobwino. Ntchito yoikweza andipatsa ine. Ndikufuna ndiilize kaye pansi. Mnzanga akuti ndingoikhazika pa tayala, ndilumikize mabatire, ndipopere kasipule kolizira kaja kukamwa kwake, basi ilira. Kodi zingatheke? Ndiyambire pati?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Maganizo oiliza pansiwo ndi olondola. Chitsulo chimenechi chimalemera makilogalamu oposa 400, ndipo pa Samil 20 chimakhala mopanikizika. Kuikweza, kuimanga ku giyabokosi, kulumikiza mapayipi onse, kenako n'kuona oyilo akudontha kuseri kwa flywheel, chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini, kumeneko ndi kulima munda umodzi kawiri. Ili pansi mumaizungulira mbali zonse, dzanja limafika paliponse.

Zaka 10 zo zisakuopseni kwambiri. ADE 352 ndi OM352 ya Mercedes-Benz yomwe ija, yopangidwa ku Atlantis kumpoto kwa Cape Town mwa chilolezo cha eni ake. Masilinda 6 ondondozana, malita 5.7, yopanda kompyuta, ndipo kupatula waya wa sitata palibe waya wina amene imafuna kuti ilire. Ndaona zambiri zotere zikudzuka patapita zaka n'kugwira ntchito ngati sizinagonepo. Koma ndaonanso zina zimene zinapirira zaka zonsezo m'shedi, n'kudzafera m'manja mwa anthu pa masekondi 30 oyambirira, ndipo njira imene inazipha ndi ya mnzanuyo. Kuliza ndi kantchito komaliza. Ntchito yeniyeni ndi ya masiku atatu kapena anayi batire musanaligwire n'komwe, ndipo funso loyamba si lakuti ilira bwanji, koma lakuti ikalira muizimitsa bwanji.

Musanamasule bawuti iliyonse, iikeni pafupi ndi yakale ija muzifananitse. Injini za banja limeneli zinalowa m'malole, mu Unimog, m'mathirakitala, m'majenereta, ndipo kulikonseko sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), miyendo, nyumba ya flywheel ndi gavana wa pampu ya dizilo (amene amalamulira liwiro la injini) zimasiyana. Ya jenereta, mwachitsanzo, imamangidwa kuti izizungulira maulendo 1500 pa mphindi basi, pomwe ya galimoto imafika cha m'ma 2800. Zosiyanazo mudzasamutsa kuchokera pa yakale, choncho yakaleyo musaigulitse kwa a zitsulo ntchito isanathe.

Tsono nazi zimene kugona kumachita. Injini ya masilinda 6 ikaima, mavalavu ena amatsala otsegula. M'menemo chinyezi chimalowa chaka ndi chaka, dzimbiri n'kumera m'makoma a silinda, maring'i n'kumatirira m'mipata yawo. Valavu imene inatsala yotsegula imatha kugwira pomwepo osabwereranso. Dizilo wotsalira mu pampu amauma n'kusanduka ngati ulimbo. Madzi amadikha pansi pa oyilo mu sampu. Makoswe amatutira chimanga ndi nsanza mu ekizozi, ndipo mavu aja omanga ndi dothi sasiya kabowo kalikonse kotsegula. Ngati wogulitsayo anatseka mabowo onse, muli ndi mwayi. Ngati kukamwa kwake kunali pululu, yembekezani chilichonse.

Yambani ndi bawuti ya sampu. Imasuleni pang'onopang'ono, osaichotseratu, muone chimene chiyambe kutuluka. Madzi amalemera kuposa oyilo, ndiye ngati alimo atuluka oyamba. Supuni imodzi kapena ziwiri ndi thukuta la chitsulo chabe, musadandaule. Kapu yathunthu, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi analowera penapake ndipo muyenera kudziwa kuti ndi pati. Ine injini yogona chonchi ndimaitsitsa sampu nthawi zonse. Gasiketi yake ndi yotchipa, ndipo zimene mumaona m'menemo palibe wogulitsa angakuuzeni: matope a oyilo amene atseka kasefa kamene pampu ya oyilo imakokera, tizidutswa ta chitsulo tonyezimira, dzimbiri pa camshaft. Walitsani tochi kuchokera pansi muone makoma a silinda. Tsukani ndi palafini, pukutani ndi nsalu yosathothoka ulusi, bwezerani.

Kenako chotsani tapeti kava. Pa injini imeneyi mainjekita, tizida tofukiza dizilo m'silinda, amakhala mkati, pansi pa kavayo, pamodzi ndi kapayipi kobweza dizilo wotsala. Mpweya nawonso umadutsa mu kava yomweyo polowa mu silinda hedi, choncho kava ikachoka njira ya mpweya imakhala yotsegula: nati kapena wochala imodzi ikagwera m'menemo mwadzipangira ntchito. Thirani oyilo pa ma rocker onse, timikono tokankha mavalavu, ndi pa masipiring'i. Tengani hamala ya pulasitiki, kapena hamala wamba ndi kathabwa, mugogode valavu iliyonse pamutu mopepuka. Yamoyo imatsika n'kubwerera ndi kamawu kolimba. Yogwira imangoti zii, kapena imatsika osabwerera. Imeneyo mukaikakamiza ndi sitata, pushrod, kachitsulo kokankha rocker, imapindika, apo ayi pisitoni imakumana nayo. Inyowetseni ndi mafuta omasulira dzimbiri, muziigogoda tsiku ndi tsiku mpaka imasuke. Ikakana, hedi iyenera kutsika.

Chotsani mainjekita onse 6. Pamafunika sipanala yake yapadera, bwerekani, musagomole ndi tchizulo. Alembeni manambala, tsekani mapayipi ndi timapepala ta pulasitiki. Ngati mungapeze kakamera ka chingwe kolumikiza ku foni kaja, suzumirani m'silinda iliyonse. Dzimbiri lopyapyala lofiirira limachoka lokha. Dzimbiri la makwinya lokumba chitsulo, kapena mzere wosonyeza pamene madzi anaima, limenelo silimva mafuta.

Pothira oyilo m'masilinda pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Pisitoni ya injini iyi ili ndi kadzenje pakati pake, ndipo mukangothira oyilo pa bowo la injekita amathera m'kadzenjemo, pa maring'i osafika. Lowetsani kapayipi kopyapyala kopindika, mulozetse ku makoma. Oyilo wopepuka wosakaniza ndi dizilo pang'ono ndi wokwanira. Isiyeni masiku awiri. Mukatero ikani sipanala yaikulu ndi chitsulo chachitali pa nati ya kutsogolo kwa crankshaft, shafiti yaikulu imene mapisitoni amazungulitsa, muzungulitse monga muvi wa wotchi umayendera mukaima kutsogolo kwake. Pitani pang'ono, bwererani pang'ono, pitaninso. Izungulire kathunthu kawiri, chifukwa m'pamene valavu iliyonse imakhala yatsegula ndi kutseka, ndipo wina aziyang'ana ma rocker onse 12 ngati akuyenda. Mainjekita atachoka, munthu mmodzi ayenera kuizungulitsa mosavutika. Ikafika pena n'kuima nji, musaonjeze payipi pa chitsulocho, musaitane anzanu awiri kuti mudzakwerepo. Bwererani, onjezani mafuta, dikirani mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata ikatha isanasunthe, imeneyo ndi yomasula, osati yoliza.

Oyilo amene mwathirayo ayenera kutulukamo mainjekita asanabwerere. Silinda imodzi imakoka mpweya wochepera pang'ono lita imodzi, ndipo pisitoni ikakwera imaupanikiza ka 17. Malo otsala pamwamba ndi pafupifupi 60 ml, masupuni anayi aakulu okha. Madzi ndi oyilo sizipanikizika. Mukasiyamo zambiri n'kutseka, sitata ya mavoti 24 ili ndi mphamvu yokwanira kupinda con rod, mkono wolumikiza pisitoni ku crankshaft, ndipo simudzamva n'komwe. Yamwani ndi jakisoni ndi kapayipi, zotsalazo zidzatuluka pozungulitsa ndi sitata mabowo ali otsegula.

Tifike pa pampu ya dizilo, pamene pagona nkhani yonse. Pa injini ya petulo, moto umalamulidwa ndi mpweya, ndipo ukazimitsa kiyi moto wa mapulagi umatha. Pa injini iyi mpweya umalowa mmene ukufunira, cholamulira ndi kuchuluka kwa dizilo basi. M'kati mwa pampu muli kandodo ka mano kamene timati rack. Kakasunthira uku, mapulanja onse 6, timapisitoni ta m'pampu topopa dizilo, amapotoloka n'kupereka dizilo wambiri, kakabwerera uko amachepetsa mpaka kutseka. Gavana ndiye amakakoka injini ikafuna kupitirira malire. Tsono injini ikaima, kandodoka kawirikawiri kamatsalira mbali ya dizilo wambiri, kukonzekera kuliza kwa mawa. Mawa lakelo likakhala la zaka 10, pulanja imodzi yokha yomatirira imagwira kandodo konse pomwepo. Injini imalira bwino kwambiri, msanganso, kenako imakwera osaima. Gavana amakoka, kandodo osasuntha. Inu mumakoka chozimitsira, chimene chimakokanso kandodo komweko. Ndi zimene timati injini yathawa.

Phunziro limeneli ndinalilandira ndili sipanala boyi pa galaja ina ku Limbe. Anabweretsa injini ya lole imene inakhala pabwalo mvula zingapo. Tinaikhazika pa zitsa, abwana n'kugunditsa sitata ndi sikuludiraiva. Inalira kamodzi n'kamodzi, ife m'manja phuphuphu. Sipanathe masekondi atatu mawu ake anasintha, kugunda kuja kunasanduka mluzu. Abwana anakoka chozimitsira, palibe. Wina anazula waya wa batire, ngati injini ya dizilo imamva za batire. Wina anazula payipi m'chigubu, kuiwala kuti m'mafyuluta muli dizilo wokwanira kuipha katatu. Mnzanga anavula ovolosi n'kuitseka kukamwa, iyo inameza mkono wa ovolosiyo ngati mbamu ya nsima ya therere. Tonse tinathawira kuseri kwa khoma. Itakhala chete tinapeza con rod itasuzumira panja m'mbali mwa buloko, bowo loti nkhonya kulowa, oyilo ali mbwee pansi. Palibe anavulala, koma sichinali chifukwa cha nzeru zathu.

Choncho tsukani kunja kwa pampu, mumasule kachitseko ka m'mbali mwake. Muona masipiring'i 6 ndi timagiya tolumana ndi kandodo kaja. Wina azungulitse injini ndi dzanja, inu muone ngati mapulanja onse akukwera ndi kutsika. Imene yakwera n'kutsalira m'mwamba yagwira. Sunthani kandodo ka moto, ka kunja kwa pampu koonjezera liwiro, ndi kozimitsira, muone timagiya tonse tikupotoloka limodzi mofewa, kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Pampu zina zili ndi chozimitsira chapadera, zina mumabweza kandodo ka moto kupitirira pa aidiling'i. Dziwani kuti yanu ndi iti, mumangepo chingwe. Ngati kandodo kalimba, thirani dizilo woyera m'njira ya mafuta, dikirani, yesaninso ndi zala. Zala basi. Osamenya ndi hamala, ndipo timasikuluwu ta pa timagiyato musatikhudze, chifukwa ndi timene timalinganiza dizilo wa silinda iliyonse ndipo timatcheredwa pa makina. Kakakana, pampu ipite kwa akatswiri a mapampu. Pomwepo muwapatsenso mainjekita awayese. Nozo yodontha m'malo mofuka imatsuka oyilo m'makoma ndipo imatha kusungunula pisitoni. Musayese nokha polumikiza injekita panja n'kuika chala: dizilo wake amaboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale likuoneka ngati la singano, ndi lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Onaninso ngati pampu yanu imasunga oyilo wakewake. Zina zakale zimatero, ndipo oyiloyo ayenera kusinthidwa.

Ngakhale kandodo kakuyenda bwino, konzani thabwa. Lamphamvu, losalala, lokulirapo kuposa kukamwa kwa injini, ndipo mukalimata labala ya chubu mbali imodzi limatseka bwino. Chotsani eya kilina kuti pakamwapo pakhale poyera, ndipo liyeseni injini isanalire muone ngati likukhala ndendende. Injini yosowa mpweya imazima, kaya ikudya dizilo kaya ikudya oyilo wake womwe. Si dzanja, si nsanza, si katoni. Chozimitsira moto cha CO2 chikhale pafupi, nachonso chimazimitsa injini mukachipopera kukamwa.

Za tayala lija iwalani. Injini ikamalira imafuna kudzipotokola, ndipo ya msinkhu uwu ikagudubuzika ikulira palibe angaigwire. Musailizenso ili lendelende pa tcheni buloko. Wotchererani felemu ya zitsulo za chanelo, kapena mangani pa mitanda yaikulu ya matabwa, yotambalala kuposa injiniyo, ndipo muimange ndi mabawuti pa miyendo yake ndi pa nyumba ya flywheel. Sampu isasenze kalikonse. Flywheel ikhale yomanga bwino, kilatchi ichotseni. Fani mukhoza kuichotsa, chala chimapita mosazindikira. Ngati pali pampu ya pawa sitiyering'i, ichotseni lamba kuti isazungulire youma. Payipi ya kompuresa ya mabuleki isiyeni yotsegula. Mawaya a alitineta, ngati simukuwalumikiza ku batire, akulungeni ndi tepi. Mangani kapayipi ka ekizozi kolozetsa kutali, ndipo zonsezi zichitikire panja, osati m'shedi motseka.

Werengani kachikwangwani ka pa sitata. Ikakhala ya mavoti 24, pafunika mabatire awiri a 12 olumikiza mondondozana, odzaza bwino. Mawaya akhale onenepa ngati a makina owotcherera. Timajampa ta pa sitolo timangotentha, sitata n'kumazungulira mwaulesi, inu n'kumanamizira injini. Waya wa efu, wa negetivi, mumange pa buloko penipeni, pamalo popala bwino. Pa sitata ya Bosch waya wamkulu amapita polembedwa 30, wa solenoidi polembedwa 50. Pakati pa ziwirizi ikani batani pa waya wautali, kuti woliza aime patali. Sikuludiraiva imathetheka moto, ndipo pafupi pali chigubu cha dizilo ndi mabatire amene amatulutsa mpweya woyaka.

Tsopano oyilo. Thirani 15W-40 watsopano wa injini za dizilo, fyuluta yatsopano, ndipo pamalo pa siwitchi ya oyilo mangani geji ya payipi, ya muvi. Kagetsi kofiira sikakuuzani zambiri. Mabering'i auma zaka 10, ndiye ngati mungathe atumizireni oyilo injini isanazungulire. Ine ndimatenga sipuleya yatsopano ya m'munda imene sinalowepo mankhwala, ndimathiramo malita awiri a oyilo, n'kulumikiza pa bowo la geji lomwelo n'kupopa, wina akuzungulitsa injini ndi dzanja. Zikatero, mainjekita akadali kunja, chozimitsira chomangidwa mbali yotseka, yalani nsanza pamwamba pa mabowo, musayang'anemo, dinani batani masekondi 10 mpaka 15. Pumitsani sitata mphindi ziwiri. Bwerezani. Popanda kompuresheni imazungulira mwachangu ndipo mabering'i sasenza katundu. Mukufuna zinthu ziwiri: muvi wa geji unyamuke, ndipo oyilo afike pamwamba pa ma rocker. Mwayesa kanayi kapena kasanu muvi uli gone, lekani. Injini yopanda puresha ya oyilo siipatsidwa dizilo.

Puresha ikaoneka, tcherani matapeti molingana ndi buku lake, bwezerani mainjekita ndi mawochala atsopano a kopa. Kapayipi kobweza dizilo kaja kasamaleni kwambiri: kakadontha, dizilo amagwera mu oyilo mosaoneka, oyilo n'kupyapyala, mabering'i n'kutha. Gasiketi ya tapeti kava ikhale yatsopano, chifukwa ndi imene imalekanitsa oyilo ndi njira ya mpweya.

Dizilo atuluke m'chigubu choyera cha malita 5, payipi yokoka ndi yobweza zonse m'menemo. Sinthani mafyuluta, tsukani kasefa kakang'ono ka pa lifiti pampu. Pa lifiti pampu pomwepo pali kapampu ka dzanja. Masulani kabawuti kobulidira pa fyuluta, popani mpaka thovu litha, mangani, chitaninso chimodzimodzi pa pampu yaikulu. Kapampu ka dzanja kakale kamakonda kuyamwa mpweya kokha, ndipo ngati thovu silikutha yambani kukayikira komweko. Mapayipi a labala akale onse tayani.

Ena amati mphindi imodzi popanda madzi siipha injini. Mwina, koma mphindi imodzi ikuuzani chiyani? Kuti yalira basi. Zimene mukufuna kudziwa zimaoneka ikatentha. Mangani rediyeta ya galimotoyo pa felemu, apo ayi dulani mgolo: payipi ya pansi ipite ku wota pampu, yochokera ku thermostat ibwerere pamwamba. Dzazani madzi dzulo lake, m'mawa muone ngati atsika, muyang'ane timapulagi ta m'mbali mwa buloko, mumasulenso bawuti ya sampu pang'ono. Madzi akapezeka mu oyilo watsopano, musailize, muyambe mwafufuza gasiketi ya hedi ndi oyilo kula, choziziritsira oyilo. Ndipo musathire madzi ozizira a pampopi mu injini yotentha.

Kasipule ka mnzanu kaja kasiyeni m'sitolo. Ndi ether, mankhwala oyaka msanga, ndipo amaphulika pisitoni isanafike pamwamba. Pa maring'i omatirira ndi dzimbiri, kuphulika kumeneko kumawathyola. Choipa china, injini ikamalira ndi sipule chozimitsira chanu chilibe ntchito, komanso amabisa vuto limene mukufuna kulipeza. Nsanza yonyika mu petulo ndiye musaiganizire n'komwe. Injini iyi imafukiza dizilo m'silinda mwachindunji, ndipo kotentha ngati ku Limpopo, ikakhala ndi kompuresheni, dizilo wopanda mpweya ndi mabatire amphamvu, imalira yokha. Ikakana, ikukuuzani kanthu, mverani.

Tsiku loliza mukhale atatu. Wina pa batani, wina pa chingwe chozimitsira maso ali pa geji, wachitatu thabwa m'manja pafupi ndi kukamwa. Ameneyu akhale munthu wosathawa, ndipo mugwirizane chizindikiro cha dzanja chifukwa mawu sadzamveka. Palibe woima moyang'anizana ndi m'mbali mwa flywheel. Kandodo ka moto kakhale pa aidiling'i. Dinani masekondi 15, pumani. Poyamba simuona utsi, mapayipi a mainjekita akudzaza. Kenako utsi woyera, kenako kukhosomola, silinda ziwiri, zinayi, zonse. Ikangogwira, izimitseni dala pakatha masekondi asanu, kuti mutsimikize kuti chingwe chikumvera. Lizaninso. Muvi wa oyilo ukapanda kukwera m'masekondi 10, zimitsani.

Utsi wa mphindi zoyamba usakutayitseni mtima, ndi oyilo munathira uja ndi zinyalala za mu ekizozi. Weruzani ikatentha. Utsi woyera wolasa m'maso ndi dizilo wosapsa, kutanthauza injekita, taimu ya pampu yolakwika, kapena silinda yofooka. Woyera wosanunkha, wotha msanga m'mwamba, madzi n'kumatsika mu rediyeta kapena kumatuluka thovu losalekeza, imeneyo ndi gasiketi ya hedi kapena mng'alu. Wa buluu ndi oyilo, ndipo pa injini yogona umatha kuchepa maring'i akamamasuka. Ikamatsimphina, masulani pang'ono nati ya payipi imodzi imodzi pamwamba pa pampu, mutaphimba ndi nsanza. Imene mwamasula mawu osasintha, silinda yake ndi imene yagona. Yang'anani payipi yopumira ya buloko: kampweya pang'ono ndi kabwinobwino, koma ikamafwenthera ngati sitima ya malasha motsatana ndi kugunda kwa injini, pali ring'i yothyoka kapena yomatirira. Injini izi zimalira mwaukali mwachibadwa, koma kugogoda kwakuya kochokera pansi, kokula mukaonjeza moto, ndi kwa bering'i. Zimitsani pomwepo.

Puresha ya oyilo wozizira imanamiza, ngakhale injini yotha imaonetsa 4 kapena 5 bar pa geji m'mawa. Ya oyilo wotentha ndi imene imanena zoona. Kwa ine, ikatentha n'kumasunga 1 bar kapena kuposa pa aidiling'i, n'kukwera msanga mukaipatsa moto, ndimaikweza ndi mtima umodzi. Ikamagwera cha ku theka la bar, ndimatsitsanso sampu n'kuyang'ana mabering'i. Mphindi 20 mpaka 30 zakwana, mukusinthasintha moto pang'onopang'ono, osaifikitsa kumapeto. Kuisiya ikulira tsiku lonse popanda katundu kumangosalaza makoma a silinda. Dziwaninso kuti pansi simungaone zonse. Mphamvu yake yeniyeni, ndi ngati imatentha pokwera chitunda itasenza thanki ya madzi, zimenezo mudzaziona pamsewu.

Mukazimitsa, onani dipisitiki. Oyilo akachuluka kuposa mmene munathirira n'kumanunkha dizilo, bwererani ku kapayipi ka pansi pa kava kaja ndi ku lifiti pampu. Khuthulani oyiloyo akadali wotentha, wagwira ntchito yake yotsuka, muunike ndi tochi m'beseni ndi m'mapindo a fyuluta. Fumbi lotuwa pang'ono lilibe kanthu. Tizidutswa tonyezimira ngati mamba a usipa, kapena ta mtundu wa kopa, musatinyalanyaze. Suzumiraninso kuseri kwa flywheel. Pa injini zakale za banja ili silo yotchinga oyilo kumbuyo kwa crankshaft ndi ya chingwe, ndipo kuisintha bwino kumafuna kutsitsa crankshaft. Kunyowa pang'ono n'kozolowereka, koma ngati ikudontha, nthawi yake ndi ino injini ili pansi. Sinthaniponso kabering'i ka pakati pa flywheel, timapulagi ta buloko tooneka todyeka, ndi thermostat.

Pali malo amene ndingakupempheni kuti muitane makaniko wa dizilo wodziwa injini za Mercedes, osalimbana nazo nokha: ikakana kuzungulira ndi dzanja, mukaona dzimbiri lokumba m'silinda, kandodo ka pampu kakalimba, puresha ya oyilo ikasowa, madzi ndi oyilo zikasakanikirana, kapena ikagogoda. Abwana anu muwauziretu lero kuti ntchitoyi itenga sabata, osati masana amodzi, ndipo ngati ndalama sanamalize kupereka, ayembekeze kaye mpaka injini itenthe pamaso panu. Jambulani chilichonse chimene mupeze mu sampu ndi m'masilinda, kuti pasadzakhale zoti munaiwononga ndinu.

Ikapambana koma kukweza n'kuchedwa, tsekani kukamwa, ekizozi ndi mapayipi onse a dizilo ndi pulasitiki ndi tepi, chifukwa mavu aja safuna zaka 10, sabata imodzi imawakwanira. Munditumizire chithunzi cha kachikwangwani ka pa pampu ndi ka pa buloko, mundiuzenso chimene chatuluka choyamba pa bawuti ya sampu, ndikuuzani ngati gavana wakeyo ndi wa galimoto.